Gogo Pachitunda cha Kuchipatala

Galimoto yathu amuna anga ankaitchula kuti Gogo. Inali yakale, chitseko chakumbuyo chinkatsegukira kunja kokha, koma inkayenda. Anandiphunzitsa kuyendetsa ndili woyembekezera, pabwalo la mpira, akuti, "Sukulu unasiyira panjira, iyi yokha uimalize." Ndinaimalizadi.

Mwana wathu wamkazi asanayambe n'kukwawa komwe, bambo akewo anagwa padenga kuntchito, navulala mutu. Anawagoneka kuchipatala chachikulu, kutali, kuseri kwa chitunda chachitali. Chigwereni sanalankhulenso. Amangoyang'ana. Nthawi yoona odwala ndi masana, ndipo ikatha mlonda amatseka geti, ulire usalire. Pa minibasi, ndi mwana kumsana, chikwama cha zovala ndi chakudya, sindikanafika nthawi yake. Miyendo yanga anali Gogo.

Ndinkamusamala mmene ndinkadziwira. Madzi, oyilo, mpweya wa matayala. Petulo atayamba kununkha kumpando wakumbuyo kumene ndimamangirira mwana, ndinaona kuti kamphira ka chotsekera thanki katha. Ndinapinda jumbo ya buledi, n'kuiika pakamwa pa thanki, n'kumanga chotsekeracho mwamphamvu. Fungo linatha, ine n'kuiwalako.

Kenaka Gogo anayamba matenda. Kunyamuka kunyumba bwinobwino, kudutsa msika, kudutsa mlatho. Kufika pachitunda, ayamba kutsamwa. Ndikaponda mafuta phazi linkangolowa, injini n'kumalira ngati ikuchokera m'chitsime, kenako zii. Ndinkakhala m'mbali mwa msewu, malole akundiwomba mphepo, mpaka Gogo mwini wake atafuna kuliranso. Koma masiku ena ankakwera chitunda chonse osatsokomola n'kamodzi komwe.

Ndinapita naye kugalaja. Amakaniko anali mnzawo wa amuna anga, bambo wodekha, wa pensulo kukhutu. Anasintha sefa ya mafuta, anatsuka mapulagi, anagwedeza mawaya onse. Anakwera, tinazungulira msika n'kubwerera. Gogo ankathamanga ngati namwali.

"Mayi, galimoto yanuyi ndi yamanyazi," anatero. "Ikaona mwamuna imachira."

"Ndiye muzikhalamo, bambo. Mpando ulipo."

Anaseka, kenako anapukuta manja. "Sindikuti mukunama. Koma matenda obisala ndi ovuta. Ndikangosinthasintha zinthu ndikuwonongerani. Ikadzachitanso mudzamvetsere bwino. Inayamba ndi chiyani, munali pati, munachita chiyani isanalirenso. Inu ndi amene mumakhala nayo ikamadwala."

Mlungu umenewo ndinapeza geti yotseka kawiri. Kachiwiriko ndinaima pampanda, ndikuona zenera la wodi ya amuna anga, chakudya chikuzizira m'chikwama. Ndinadya ndekha m'galimoto.

Alamu anga, akulu awo a amuna anga, anamva. Anabwera m'mawa, osakhala n'pansi pomwe.

"Mlamu, chigalimotochi chikupherani mwana pamsewu. Pali munthu akufuna zitsulo zake."

"Ndiye kwa ang'ono anu ndizipita bwanji, alamu?"

"Mukapita amakudziwani?"

Iwo anayang'ana kumbali, chifukwa anadziwa kuti mawuwo alemera.

"Ikakafanso panjira, makiyi mundipatse," anatero motsitsa mawu. "Sindikufuna kudzanyamula anthu awiri."

Anthu atangomva za ngozi ankabwera, ena ndi shuga, ena ndi mapemphero. Koma matenda akatalika alendo amatha. M'nyumba munatsala ine, mwana, ndi jekete la bambo ake pamsomali kuseri kwa chitseko. Mwanayo bambo ake ankamutcha Abwana, poti akalira aliyense amaimirira. Tsopano ndinkalankhula ndi Abwana basi, ndi Gogo.

Tsiku lotsatira tinanyamuka molawirira. Msika, mlatho, chitunda. Pakati penipeni Gogo anatsamwa, anagwedezeka, nazima. Ndinamukokera pambali, ndinaika mwala kutayala, n'kukhala. Dzuwa linali pamutu. Foni inali pamwendo panga, koma ndikanaimbira ndani? Amakaniko akanabwera n'kupeza wodwala wachira. Alamu akanabwera n'kutenga makiyi.

Ndinayesa kuchita zimene amakaniko anandiuza. Ulendo wathawu Gogo anazima pachitunda. Nanga masiku amene anakwera bwino, ndinachita chiyani? Ndinangokumbukira kuti ndinaima pa mlatho kuthira mafuta. Koma lero thanki inali ndi mafuta okwanira, ndiye si njala.

Abwana anadzuka ndi kulira. Mkaka wa m'mawere unandiphwa mwezi woyamba wa chipatala, ndiye amamwa wa m'botolo. Ndinapita kumbuyo, ndinamuika pamwendo. Anayamwa mwaphuma, kenako anasiya n'kuyamba kukuwa, miyendo ikuponda m'mwamba. Mkaka unalimo wambiri, koma kansonga ka botolo kanali kataphwatalala. Ndinali nditamangitsa chivindikiro kuopa kuti ungatayikire m'chikwama. Ndinachimasula pang'ono. Mpweya unalowa, psii, timathovu tinakwera, kansonga kanadzuka. Abwana anapitiriza kumwa, akundiyang'ana ndi diso limodzi ngati wandikhululukira.

Phokoso limenelo ndinali nditalimvapo. Pothira mafuta ndimatsegula ndekha thanki, chifukwa kiyi wake ndi wovuta, ndipo masiku amenewa nthawi zonse inkachita psii. Ndinkangoti ndi mmene zimakhalira.

Ndinadikira kuti mwana amalize, chifukwa Abwana sasiyidwa pakati. Nditamubweza pampando ndinatuluka, ndinalowetsa kiyi, ndinapotokola. Chotsekera chinakakamira, kenako chinalola, ndipo thanki inakoka mpweya wautali ngati munthu amene wavuuka m'madzi. Pansi pa galimoto chitsulo chinachita phu, kubwerera m'malo mwake. Jumbo ya buledi ija inali itamatirira pakamwa, yoyamwidwira m'kati.

Ndinaima nayo m'manja. Gogo ankayamwa mafuta ulendo wonse popanda polowera mpweya. Pofika pachitunda, pofunika mphamvu, analibenso choyamwa. Ndikathira mafuta pa mlatho ndinkamupumitsa osadziwa. Kozungulira msika ndi amakaniko kunali kufupi, sankafika potopa.

Ndinatseka popanda jumbo. Ndinasamutsira mwana mbali ina, ndinatsitsa magalasi onse chifukwa cha fungo, ndinachotsa mwala. Gogo analira nditayesa kangapo. Ndinaika giya yoyamba, ndikudikira kutsamwa kuja. Sikunabwere. Tinadutsa mtengo umene ndinkaima pafupi nawo akazima, tinadutsa chikwangwani, tinafika pamwamba. Ndinatembenukira kumpando wa pambali kuti ndinene kanthu. Panali chikwama.

Geti inali yotsegula. Mlonda anakweza dzanja. "Lero ndiye mwawina, mayi."

Mu wodi amuna anga anali atawagoneka chammbali, nkhope kuzenera. Ndinawapukuta kumaso, ndinawasintha malaya, ndinawamwetsa pang'onopang'ono. Kenako ndinakhala pamphepete pa bedi, Abwana pamwendo.

"Bambo ake, Gogo wanu sanali kudwala," ndinatero. "Ndinkam'tseka mphuno ndine. Mawa ndikawauza amakaniko andipezere chotsekera china. Akulu anu makiyi sawaona."

Maso awo anali pa ine, kapena pakhoma kumbuyo kwanga, sindikudziwa. Akanakhala bwino akanaseka mpaka kutsokomola, akanauza galaja yonse, ndipo nkhani ya jumbo ya buledi ikananditsata mpaka ukalamba. Ndinadikira. Pabedi loyandikana mayi wina ankakangana ndi mwamuna wake za sopo, ndipo ndinawamvetsera mpaka anamaliza.

Manja anga ankanunkhabe petulo. Ndinaika chikhato pafupi ndi mphuno yawo, ndinachisiya pomwepo kanthawi. Anapuma, anapumanso.

Belu litalira anesi anayamba kutulutsa anthu. Ndinalongedza zovala zakuda, ndinabereka Abwana. Panja Gogo anali padzuwa, magalasi ali chitsitsire. Ndinamugwira padenga, panali potentha.

"Mawanso," ndinamuuza, ndipo ndinatsegula chitseko chakumbuyo.