Mkuzi wa ku Nyanja Yachitatu

Masana a Loweruka, pa 14 Okutobala 2023, Felesta Makwinja, mphunzitsi wa Sitandade 4 wokhala ku Chilomoni, anagona pamkeka mwana ali kubere, ndipo analota ali m'basi yopita kukaona nyanja za pamwamba pa phiri. Ulendo wotere unalipodi. Aphunzitsi anzake anaukonzera Lolemba, pokondwerera Tsiku la Anakubala. Koma basi ya m'malotoyo inanyamuka tsikulo lisanafike.

Inali basi yaitali, yoyera, mawindo onse otseka. Mipando inali itadzaza. Felesta anaima pakati, dzanja lina atagwira chitsulo cha kudenga, lina likuchirikiza Zaithwa, mwana wake wamwamuna wa miyezi isanu ndi iwiri, amene anali kumsana pambereko. Mwa anthu onsewo ankadziwapo mmodzi yekha, Mayi Kachingwe a Sitandade 6, omwe anakhala pawindo akukukuta chimanga chootcha.

"Asisi, inunso kuchedwa ngati malipiro," anatero Mayi Kachingwe. "Mipando tagawana kalekale. Muima mpaka pamwamba, kapena mafutawo angasungunukeko."

Pafupi ndi dalaivala panaima wotsogolera ulendo, bambo wamtali wa malaya akhaki, dzina lake lili pachifuwa: Sankhulani. Ankalankhulira pa maikolofoni, koma mawu ake ankatulukira kunsi kwa mipando.

"Alendo athu olemekezeka, takulandirani. Nyanja zilipo zitatu. Pa yoyamba tiima kuti tione. Pa yachiwiri tiima kuti timve. Pa yachitatu ndi pothera msewu. Lamulo la basi ino ndi limodzi lokha: chimene chili pamiyendo pa munthu ndi katundu wake, ndipo atsika nacho."

Anthu anaomba m'manja.

Msewu unayamba kukwera. Mitengo ya paini inkapatuka basi ikamafika, n'kubwerera pamalo pake basi ikadutsa, moti kumbuyo sikunkatsala njira. Pokhota paliponse Felesta ankagwera anthu, ndipo Zaithwa anayamba kulira chifukwa chopanikizika. Ndiye wina anamukoka chitenje chapansipansi.

"Amake mwana, bweretsani kuno ndikugwirireni."

M'basi anthu amatero. Wokhala pansi amalandira mwana wa woimirira, ndipo palibe amafunsa dzina. Felesta anamasula mbereko, anapereka mwana ndi manja awiri, nathokoza. Atapereka m'pamene anayang'ana nkhope.

Anali aNasibeko, apongozi ake, amayi a mwamuna wake Evasi. Iwowa anamwalira mu Januwale chaka chomwecho kwawo ku Ntcheu, Felesta ali woyembekezera, ndipo kumanda sanafikeko chifukwa cha pakatipo. Mwana anabadwa mu Malichi. Kuchokera pamenepo ankangoti mwezi wamawa, mwezi wamawa, osapita naye kumudziko. Kumutu kwa aNasibeko kunali duku yobiriwira imene Felesta anagula yekha ku Limbe n'kutumiza kuti akawaveke m'bokosi.

"Ha! Amuna anga aja ndi amenewa?" anatero aNasibeko, akumuvinitsa mwana pamaondo. "Kunenepa konseku osabwera kudzandiona? Mwapeza mkazi wina m'tauni eti? Lero ndiye ndakugwirani."

Ndi mmene agogo amaserewulira ndi mdzukulu wamwamuna, ndipo omva amaseka. Mayi Kachingwe anaseka mpaka kutsamwa. Felesta sanaseke. Anayang'ana pamene mwana wake anakhala, nakumbukira lamulo la basi.

Nyanja yoyamba inali yozungulira ngati lichero, madzi ake oyera mbee, opanda ngakhale kafunde.

"Iyi ndi yaing'ono pa zonse," anatero Sankhulani. "Kuya kwake sikunadziwikebe, chifukwa chingwe chimene anatsitsa poyeza chikupitabe pansi. Chonde onani."

Onse anasuzumira pamawindo. M'madzimo munkaoneka basi yawo yomweyo, chadodolido, ndi anthu ake onse. Felesta anadziona ataima pakati. Mbereko inali kumsana, yomangidwa bwino, koma yopanda kanthu. Ndipo kumutu kwake anali atametedwa mpala, ngati munthu wochokera kumaliro a m'nyumba mwake. Anagwira kumutu kwenikweniko. Tsitsi linalipo.

Chitseko chinatseguka. Bambo wina anatsika atanyamula makina osokera, mayi wina anatsika ndi nkhuku, ndipo analowa m'nyanja mwakachetechete ngati akulowa m'tchalitchi mapemphero atayamba kale. Madzi sanagwedezeke. Pamipando imene anasiya panakhala madzi, oima okha, msinkhu wa munthu wokhala pansi. Choncho malo sanapezekebe.

Felesta ananyonyomala pambali pa apongozi ake, maso ali pansi.

"Amayi, mwatopa naye. Ndi wolemera ameneyu."

"Ndinabereka asanu ndi mmodzi, apongozi. Kamodzi aka kandilemere?"

"Ndimati mwina mupumuleko manja."

"Ndapumula kokwanira. Kuchokera Januwale ndikungopumula."

Basi inanyamuka. Nkhungu inalowa ngakhale mawindo anali otseka, n'kukhala pamapewa a anthu.

Nyanja yachiwiri inali yaitali, yakuda bii, yopanikizika pakati pa matanthwe awiri. Dalaivala anazimitsa injini.

"Pano sitiona kanthu," anatero Sankhulani. "Chonde mverani."

Poyamba kunamveka musi ukugunda mumtondo, pansi penipeni pa madzi. Kenako nkhuku, kenako chitseko cha malata chikulira. Felesta anachizindikira chitsekocho: chinali cha khitchini ya aNasibeko, chimene chinkakakamira pansi nthawi ya mvula. Pambuyo pake kunamveka makasu.

"Mukumvawo ndi adzukulu okumba manda," anatero Sankhulani mwaulemu. "Satenga nthawi. Dzenje lake ndi lalifupi."

Mabere a Felesta anatuluka mkaka mpaka bulauzi inanyowa. Ananyonyomalanso.

"Amayi, akufuna kuyamwa. Nthawi yake yakwana."

ANasibeko anaviika chala m'madzi a pampando woyandikana nawo, n'kuchiika m'kamwa mwa mwana. Zaithwa anayamwa chalacho, maso ali gwa kudenga.

"Mwaona? Kwathu kuno ana savuta. Sayamwa, saliranso."

Felesta anagwira phazi la mwana wake. Linali lozizira, ndipo khungu la kuphazi linali litachita makwinya oyera, ngati la munthu amene wakhalitsa m'madzi pochapa.

Mayi Kachingwe anamukodola, nanong'ona. "Asisi, tangomutsomphola mwanayo. Mukudikira belu?"

"Nditsomphole m'manja mwa apongozi? Pagulu pano?"

"Ndiye muika mwana m'manda chifukwa cha ulemu."

"Manja akukana, asisi. Ndayesa."

Zinali zoona. Akati atambasule manja kuti alande, manjawo ankangogundana okha n'kuomba mwaulemu, phu, phu, monga amachitira mkamwana kapena mtengwa pofika pakhomo pa apongozi.

"Agogo akenso agogo anji," anang'ung'udza Mayi Kachingwe, akubwerera ku chimanga chawo. "Kunyamula mdzukulu koyamba, ngakhale kasopo osatulutsa."

Kuchoka apo msewu unasiya kukwera. Unayamba kutsika, ngakhale anali pamwamba pa phiri. Madzi a pamipando aja anatsetserekera pansi n'kudzaza mpata wa pakati, kufika m'akakolo, kenako m'mawondo. Anali ozizira moti mafupa ankawawa. Kutsogolo, pagalasi la dalaivala, kunaoneka nyanja yachitatu. Inalibe tsidya. Msewu unkalowa m'madzimo ndi mizere yake yoyera, n'kumaonekabe pansi mpaka patali.

"Alendo athu olemekezeka, tafika," anatero Sankhulani. "Aliyense akonze katundu wake."

ANasibeko anamupukuta mwana kukamwa ndi nsonga ya chala.

"Apongozi, tandibwerekani mberekoyo. Njira ya kwathu ndi yoterera, amuna anga ndiwabereke kumsana."

Felesta anagwada m'madzimo. Madziwo anamufika m'chiuno. Mano ankagundana, koma mawu anatuluka bwinobwino, ndipo anawakweza kuti basi yonse imve.

"Amayi, pepani, ine ndine mwana, mwambo sindiudziwa. Ndangoti ndifunse. Kodi kwanu ku Ntcheu mdzukulu amanyamulidwa koyamba chimanjamanja?"

Dalaivala anaponda buleki. Matayala akutsogolo anali atalowa kale m'nyanja. Anthu onse anatembenuka, amoyo ndi akufa omwe, n'kuyang'ana aNasibeko.

"Funso lamveka," anatero Sankhulani pa maikolofoni. "Basi idikira."

ANasibeko anayang'ana pansi. Nkhope yawo inachita manyazi enieni, a munthu wamoyo.

"Mwandivula pagulu, apongozi," anatero. "Ine sindine mlendo wosadziwa khomo. Mphatso ya amuna anga ndinaisunga kalekale, inu ndi amene simunabwere nawo."

Anafufuza nsonga ya chitenje chawo, pamene panali mfundo. Mfundoyo inali yonyowa, yolimba. Anayesa ndi dzanja limodzi, inakana. Anayesa ndi mano, inakana.

"Tagwirani kaye."

Felesta analandira ndi manja awiri. Sanaimirire, chifukwa woimirira alibe miyendo yoikapo kanthu. Anakhala pansi m'madzimo, madzi n'kumufika pachifuwa, anakweza maondo pamwamba pa madzi, namukhazika Zaithwa pamenepo. Mwanayo anatsokomola, analavula madzi, nayamba kulira. Felesta anali asanamvepo kulira kokoma chotero.

Sankhulani anabwera akuyenda m'madzi osanyowa. Anawerama, anayang'ana mwana, anayang'ana maondo.

"Katundu uyu ndi wa mayi awa," analengeza.

ANasibeko sanatsutse. Mfundo ija inali itamasuka, ndipo m'dzanja lawo munali mkuzi, kachingwe ka mikanda yoyera kamene amamanga mwana m'chiuno. Mphatso ya apongozi munthu sakana. Felesta anakweza malaya a mwana yekha, ndipo aNasibeko anamanga, zala zawo zozizira zikukhudza zake. Atamanga analowetsa zala pakati pa mkuzi ndi mimba ya mwana.

"Zikulowa ziwiri," anatero. "Mwana akamakula umathina, ntchito yake ndi imeneyo. Musadzadule. Kudula chimene ndamanga ine ndi kundithamangitsa, ndipo wothamangitsidwa sachoka chimanjamanja. Ukadzathina ndidzabwera ndekha kudzamasula. Tsiku limenelo mudzandigwiritsenso amuna anga."

Anakonza duku, anatsika masitepe a basi, nayenda motsata mizere yoyera. Madzi anawafika m'khosi, kenako anatseka pamwamba pa duku popanda kafunde. Chitseko cha basi sichinatsekedwe.

"Mpando wawo tiusunga," anatero Sankhulani.

Felesta anadzuka dzuwa litapendeka. Kwa aneba wailesi inkaulutsa mpira. Mkeka unali wouma. Zaithwa anali m'tulo pambali pake, akupuma bwino, mapazi ofunda. Felesta anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anamutembenuza kuti amusinthe thewera.

M'chiuno mwa mwanayo munali mkuzi wa mikanda yoyera. Mfundo yake inali yonyowa.

Evasi atabwera madzulo anati iye sanamange, ndipo sadziwa n'komwe kumanga zoterozo. Anakumbutsa kuti mlongo wake Noliya anabwera Lachinayi kuchokera ku Ntcheu ndi thumba la mbatatesi, ndipo anamusambitsa mwanayo asanabwerere. Felesta anayankha kuti Lachisanu ndi Loweruka m'mawa anamusambitsa yekha, ndipo m'chiuno munalibe kanthu.

"Mwina sunaonetsetse, amake Zaithwa. Umakhala wotopa."

"Mwana wanga yemwe, ndisamuone m'chiuno?"

Anamuimbira Noliya foni. Iye anati sanamange kanthu. Atamufotokozera mtundu wa mikandayo anati amayi anali nayodi mikanda yoyera imene ankasungira mwana wa achimwene, ndipo iye mwini anaimangirira pansonga ya chitenje chawo tsiku lowaika, poona kuti mwanayo sadzamuona.

Lolemba Felesta sanapite nawo paulendo. Mayi Kachingwe anabwerako ndi zithunzi za madamu awiri a madzi a paphiripo ndi chimfine, namunena kuti ndi wamantha ngati mbuzi ya pamsika.

Evasi anagula lezala pa 17 Okutobala. Akuti adule, zithe. Felesta akuti kudula n'kuthamangitsa, ndipo anamva yekha zimene wothamangitsidwa amachita. Evasi akuti nanga kusiya n'kutani, si kuitana? Lezalayo ili pawindo la kuchipinda, m'pepala lake. Mfundo anayesa kuimasula ndi singano, inakana.

Kusikelo ya mu Novembala anamwino anamuyamikira Felesta kuti mwana akukwera bwino, apitirize momwemo. Iye anathokoza. Phala wayamba kumupatsa locheperako, ndipo Evasi sanadziwebe.

Pa 14 Okutobala zala zinkalowa ziwiri. Dzulo m'mawa, pomusambitsa, chinalowa chimodzi.