Ng'ombe za Dongo pa Thandala

Mayi Perpetua Kachiwanda anawatumiza ku sukulu ina ya kufupi ndi Edingeni kuchokera kwawo ku Dedza. Chaka chachitatu chinawapeza akadali ndi Sitandade 3, mawu atasasa, miyendo ikutupa tsiku ndi tsiku.

Kutatsala pang'ono kufika 3 Malichi, tsiku lokumbukira anthu amene anafera dziko, ahedi analamula kuti kalasi iliyonse ipange kanthu kodzaonetsa makolo tsikulo likadutsa. Mayi Kachiwanda anafotokozera ana za Chilembwe ndi tchalitchi chake cha njerwa, nawatuma kudambo kukatapa dongo loti aumbire tchalitchicho.

Enifa Jere, kamtsikana ka pabenchi lakutsogolo, anaimika dzanja.

"Madamu, pamaliro ake anapha ng'ombe zilinga?"

"Sanaphe ndi imodzi yomwe. Ngakhale manda ake sadziwika."

Ana anayang'anana. Kuno munthu wamkulu sapita wopanda ng'ombe.

M'mawa mwake patebulo panalibe tchalitchi ngakhale chimodzi. Panali ng'ombe zokhazokha, za malinunda, nyanga zake za minga. Mayi Kachiwanda anafuna kukalipa koma mphamvu analibe. Dongo la m'dzinja siliuma msanga, choncho anaziyanika pathandala kuseri kwa kalasi, akuti azilowetsa poweruka. Poweruka mutu unali ukuwawa, ndipo anangolunjika kunyumba.

Anazikumbukira mawa lake masana, pa 3 Malichi penipeni, ataona mtambo wakuda ukukwera kuchokera cha ku Zambia. Zaka zimenezo, pa tsikuli munthu sankagwira khasu, sankachapa, sankasinja. Ngakhale kuseka ankasekera m'nyumba. Wopezeka akugwira ntchito ankakayankha kwa akuluakulu, ndipo mphunzitsi wobwera analibe womuyankhira. Patsinde pa mango pafupi ndi sukulu panali patakhala Lyson Jere, msuweni wake wa Enifa, mmodzi wa anyamata oyendera midzi tsikuli kufufuza ogwira ntchito.

Mayi Kachiwanda anakhala pakhonde kanthawi, akusisita bondo. Kenako anadzuka. Lichero analisiya, chifukwa wonyamula lichero ndi wantchito. Anafika pathandala natenga ng'ombe ziwiri, imodzi dzanja ili, ina dzanja linalo.

"Madamu! Mukuchita vichi?"

"Ndikulowetsa ng'ombe, a Jere."

"Lero ndi tsiku lanji?"

"Ndikulidziwa. Kodi kwanu kuno ng'ombe zimagona kutchire pa 3 Malichi?"

Lyson anayandikira, manja ali kumbuyo. "Izi ndi dothi, madamu. Musandipusitse."

"Ndi za maliro. Ana anamva kuti Chilembwe sanamuphere ng'ombe, ndiye anandikanira tchalitchi."

Madontho oyamba anagwa pamalata. Lyson anawerama, nayang'anitsitsa imodzi ya khosi lalifupi.

"Iyi waumba ndani? Linunda lapendama chomene."

"Enifa."

"Ndinadziwa. Za kukhola kwa adada ake zili choncho." Anaimirira, nakanda kumutu. "Ine anandiuza kuyang'ana kumsewu. Mbwenu ndikuyang'ana kumsewu."

Anatembenuka, napereka msana. Kuthandiza sanathandize.

Mayi Kachiwanda anayenda ulendo wa kuthandala ndi kukalasi, ziwiriziwiri, osathamanga, pakuti wothamanga amaonekera patali. Mvula sinawadikire. Inabwera ndi mphepo, ndipo zotsala pathandala zinayamba kugwada, miyendo ikusungunuka, minga ikugwera pansi. Ya Enifa anaipeza itasanduka phala. Anaima pamenepo, chitenje chitamata m'thupi, akuonerera madzi ofiira akutsika pakati pa mitengo ya thandala.

M'mawa mwake ana anathamangira kutebulo, aliyense kufuna yake. Ena anazipeza. Ena anabwerera kumabenchi chimanjamanja. Mayi Kachiwanda, mphuno zitatseka, anawauza kuti zina zonse mvula inatenga, ndipo wolakwa ndi iwo, madamu awo.

Enifa anatuluka osapempha, nakaona pathandala. Anabwera atafumbata minga iwiri.

"Zija ndiye zaphedwa, madamu," anatero. "Zapita naye Chilembwe."

"Yako ili m'gulu lomwelo."

"Yewo. Inali yonenepa."

Makolo atafika, ana anawaonetsa zotsalazo, kenako anawatengera kuseri kukawaonetsanso thandala lopanda kanthu. Mayi Kachiwanda sanawatsatire. Anakhala pampando, navula nsapato zawo zomwe zinali zikadali zonyowa, naziimika padzuwa.