Chiwindi cha Amalume a Rovshan

Amalume anga a Rovshan anali katswiri wa masewera ogwetsana kuno ku Sheki, ndipo mpaka lero pakhomo amalowa cham'mbali. Akazi awo, a Sadagat, ndi kamunthu koti mphepo ya m'phiri itha kukanyamula.

Tsiku limene akwawo kwa mnyamata wina, Elnur, ankabwera kudzafunsira Tunzala, mwana wa amalumewo, iwo anali atalumbira kale.

"Ndiwabweza amenewa. Abwere kachiwiri, kachitatu. Shuga asayandikire tiyi, mwamva?"

Pajatu tiyi wa shuga akangotuluka, ndiye kuti mwana mwapereka.

Koma m'mawa womwewo msana unawagwira. A Sadagat anawapatsa piritsi limodzi mwa awo a bondo.

"Limodzi lokha? Thupi lonseli?"

"Ine ndimamwa awiri n'kuswa mtedza tsiku lonse. Tamwani, abambo inu."

Alendo atakhazikika, mkulu wawo anayamba kuyamikira banja lathu. Amalume anakwinya nkhope monga anakonzera. Kenaka zikope zinayamba kulemera. Mkulu uja atafika pakuti, "Nanga duwa lanuli mutipatsa?" mutu wa amalume unagwa pachifuwa, n'kudzuka, n'kugwanso.

"Avomera!" anatero a Sadagat, shuga ali kale m'manja.

Amalume anatsitsimuka mawa lake masana, ali ndi mkamwini.

Tulo timeneti tinamuopsa Tunzala, choncho anatengera makolo ake onse awiri kwa dokotala ku Baku, komwe anawayeza magazi.

"M'chiwindi muli tinthu tophwanya mankhwala," anatero dokotala. "Aliyense amabadwa ndi take, n'zakumtundu. Tanu, bambo, timagwira ntchito pang'onopang'ono, ndiye piritsi limodzi limachedwa m'magazi ngati mwamwa angapo. Ta mayiwa n'taliwiro, mankhwala amatha asanawamve n'komwe. Zobwerekana mapiritsi zithe."

"Ndiye kuti chiwindi changa n'chodwala?" anafunsa amalume.

"Ayi, n'chabwinobwino. Kungoti n'chodekha."

"Chaulesi," anatero a Sadagat. "Zaka zonsezi ndimanena zoona, chiwalo chokha ndi chimene sindimachidziwa."

Basi yobwerera kwathu itatuluka mu Baku, amalume anati mlanduwo ndi wa malemu agogo awo, amene ankagona ngakhale ali pa hatchi.

Ukwati unachitika masamba akuyoyoka. Amalume anavina mpaka jekete linang'ambika kukhwapa. Masiku ano amakhala ndi Elnur kumalo omwera tiyi, ndipo amauza aliyense kuti mnyamatayo anamusankha okha atangomuona m'maso.