Dzina lawo ndi Malita

Inu a ku Bwanje kuno, a mpingo ndi anzanga a mu sikimu, tamverani. Ndine Nathan, sukulu sindinapite nayo patali, ndiye ndilemba mmene ndimayankhulira. Ndikulira akazi anga, aMalita, Nangozo, mai ake a Tisunge. Dzinalo ndalitchula dala, chifukwa ambiri a inu munalisiya.

Sikimu ya mpunga itangoyamba, aMalita ndi amene anasankhidwa kutsegula geti ya madzi ku ngalande yathu. Ankadziwa puloti yofuna madzi pongoona mtundu wa masamba. Kutsegula pang'ono, mpunga umwe, kutseka. Zaka zonsezo palibe anabwera kwathu kudzadandaula.

Matenda anayamba ngati nthabwala. Mchere kuthira kawiri m'ndiwo, mpango kuufuna uli kumutu. Tinkaseka tonse. Kenaka anayamba kusokera pochokera ku tchalitchi, njira yoti anaiyenda kuyambira ali mtsikana. Ntchito ya geti anawalanda mwaulemu, koma miyendo yawo sinamve. Mmawa uliwonse ndikangotembenuka, apita ku geti.

Tsiku lina anatsegula geti yonse n'kukhala pansi kumaonerera. Madzi anakokolola nazale ya aSilvester, oyandikana nafe puloti, mbande zonse zinapita. ASilvester anafika pakhomo thukuta lili kamukamu, n'kunena pamaso pa anthu kuti munthu wamkulu sachita zotere osadziwa, pali chimene amayendera. Mawu akuti ufiti sanawatchule, koma aliyense anawamva. Sabata isanathe ana anali atayamba kuwaitana kuti aNachigumula.

Tisunge anabwera kuchokera ku Balaka, tinawatengera mai akewo ku chipatala cha ku Sharpevale, kumeneko anatitumiza ku chipatala cha pa boma. Adokotala ake anali mai wodekha. Anawafunsa aMalita tsiku, anawafunsa dzina la mwana wawo ali pomwepo, iwo anangomwetulira n'kumakonza chitenje. Ndiye anandifunsa ine kuti timalima chiyani. Nditati mpunga wothirira, anati basi mumva msanga.

Anati ubongo unapangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, amati maselo, tili ngati mapuloti. Kalikonse kali ndi timageti take. Timageti timeneti timalowetsa kamchere kotchedwa kashiamu, pang'ono pokha, kuti uthenga udutse, kenaka kachipindako kamakatulutsanso. Munthu akamakalamba, mwa ena timageti timayamba kusatseka bwino, zotulutsira zimafooka, kashiamu amadzaza mpaka kachipindako kufa. Anati pali zinanso zimene ophunzira akufufuzabe, koma ichi ndi chimodzi mwa izo. Ndinafunsa ngati ndi chakudya chimene ndinkawapatsa, anati ayi. Ndinafunsa za mankhwala.

"Bambo, tizipinda tikafa sitidzukanso. Chatsala ndi kuwasamala."

Pa minibasi pobwerera ndinkawayang'ana m'mutu, imvi zili mbuu, ndikuganiza kuti mkatimo madzi akusefukira ndipo palibe woti akatseke.

Komabe mtima unapepukako, ndinati tsopano ndili ndi chokawauza anthu. Pa msonkhano wa sikimu ndinapempha mpata. Ndinafotokoza zonse, mapuloti a m'mutu, timageti, kashiamu. Anthu anamvetsera ndithu. Kenaka aSilvester anafunsa ngati kashiamuyo si yemwe amalembedwa pa thumba la feteleza wobereketsa uja wa kani.

"Ndiye mwatiuza nokha, achimwene. Mwakhala mukubereketsa akazi anu ngati chimanga."

Anthu anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. Sindikuti onse anali ndi mtima woipa, nthabwalayo inangowagwira. Koma zimene ndinanena zija zinathera pomwepo. Chimene anagwirizana ndi kugula loko, aike pa geti.

Loko anaikadi. Mmawa aMalita ankapitabe, ine pambuyo. Ankagwira lokoyo, kukoka, kukoka, kenaka kundiyang'ana n'kunena kuti mpunga wa anthu ukufa ndi ludzu. Amai opita kukawokera ankatilambalala, ena kukokera ana kumbali. Amene ankabwera kudzapempha mbewu kwathu anasiya. Amai a chigwirizano a ku mpingo anabwera kamodzi, anaimba nyimbo ali chiimire pabwalo, madzi athu akumwa anawakana.

Chaka chotsatira mawu anayamba kutha. Supuni ankaigwira n'kuiwala kumene ikupita, ndinkawadyetsa phala ndine. Tsiku lina ndikuwasambitsa m'manja anandiyang'anitsitsa n'kuti, "Bambo inu ndinu abwino. Mukawaona amuna anga muwauze ndili kuno." Ndinati ndikawauza. Ndinatuluka kukaima kuseri kwa nkhokwe.

Anatisiya nthawi yokolola, mpunga uli pa mphasa pabwalo. Pa maliro anthu anabwera, sindinama, aSilvester anakumba nawo manda. Koma ndili m'nyumba ya siwa ndinamva munthu wodutsa pa njinga akufunsa kuti maliro ndi a ndani, wina n'kuyankha kuti ndi aNachigumula aja. Wofunsayo anadziwa nthawi yomweyo. Akanati aMalita, kaya akanadziwa.

Lero geti ija mukuitcha pa Nachigumula. Ndamva ngakhale alangizi akutero, anthu oti sanawaonepo. Mdzukulu wanga weniweni anandifunsa ngati ndi zoona kuti agogo ake ankaitana madzi.

Inenso masiku ano ndimaika khasu n'kuliiwala. Mwina ndi ukalamba chabe, mwina timageti tanga tayambanso. N'chifukwa chake ndafulumira kulemba, mutu usanadzaze. Ndikadzaiwala ine, wotsala wowatchula bwino ndi Tisunge yekha, ndipo iye sakhala kuno.

Sindikupempha kuti muchotse loko, kapena kuti wina adzapepese. Mukamadutsa pa geti paja, nenani kuti apa ankatsegula aMalita, Nangozo, ndipo mpunga wathu unkamwa bwino. Ana akakufunsani, muwauze kuti anadwala. Muzitero ndithu, ngakhale ine ndidzakhale nditaiwala.