Mthunzi Umene Ndinadula

Chiyambire pamene matenda opha ziwalo anamanga miyendo ya mkazi wanga, ntchito yathu tinaigawa pawiri. Ine ndinkayenda ndi kamera m'mphepete mwa misewu, m'ngalande ndi m'malo osalimidwa, kujambula maluwa omera okha. Iye ankatsala pabedi pafupi ndi zenera, thabwa lili pamiyendo, n'kumafufuza dzina la duwa lililonse m'buku lalikulu la zomera limene chikuto chake tinali titachimata kawiri. Akalipeza dzinalo ankalilemba m'kope, n'kumata chithunzi, ndipo m'munsi mwake ankaikamo ndakatulo ya mizere yowerengeka.

Anandiikira lamulo la zithunzi zitatu: chomera chonse, nkhope ya duwa, ndi tsamba lokhala ndi kamtengo ka machesi pambali kuti aone kukula kwake. Poona mmene ndinkakhalira m'udzu, ana a mumsewu wathu ananditcha Agwada. Mkazi wanga analilandira dzinalo ndi manja awiri, ati m'zaka makumi anayi za ukwati sanandionepo nditagwadira munthu, koma chisoso ndimachigwadira.

Panali duwa limodzi limene buku lija silinalidziwe. Linkamera kuseri kwa njanji, pansi pa chitsamba chowirira, ndipo linkaphuka mvula yoyamba ikangogwa. Linali loyera, la timasamba tisanu ndi kamodzi, pakati pake pali madontho ofiirira. Mkazi wanga anatsegula bukulo tsamba ndi tsamba kwa zaka zitatu, koma mzere wa dzina unatsala wopanda kanthu. Iye ankangolitcha mlendo wake, ndipo chaka chilichonse ankalilembera ndakatulo yatsopano.

Zithunzi zake zinkatuluka zakuda chifukwa cha mthunzi wa chitsamba chija, ndipo zimenezi zinkandidya mumtima monga wojambula. Chaka chachinayi ndinapita ndi chikwanje. Ndinadula chitsambacho, ndinazula udzu wonse wozungulira, dzuwa n'kugwera pa duwalo bwino lomwe. Tsiku limenelo ndinajambula zithunzi zoposa makumi anayi, zokongola kuposa zonse zimene ndinajambulapo. Nditabwererako patatha sabata, ndinapeza masamba atapserera, dothi litang'ambika. Mvula yotsatira sipanamere kanthu.

Mabingu a mvula imeneyo atayamba, mkazi wanga anandifunsa kuti, "Agwada, mlendo wanga wafika kodi?"

Ndinayankha kuti wafika. Ndinasankha zitatu mwa zithunzi zakale zija zimene anali asanazione, ndinakazitsukitsa, n'kumupatsa. Anaziyang'ana nthawi yaitali, kenako analemba:

Sunapemphe kuonedwa, sunatume mthenga,
mvula ikakuitana umayankha wekha.
Ine amene miyendo inandikana
ndimadzuka nawe chaka ndi chaka.

Anandiwerengera mokweza, ine ndikupukuta galasi la kamera limene linali loyera kale. Chaka chotsatira ndinachitanso chimodzimodzi. Ndinkadziuza kuti ndikumusungira chimwemwe, ngakhale ndinkadziwa kuti chimene ndinkasunga ndi nkhope yanga.

Mvula yachitatu itagwa, mwana wathu wamkazi, amene ndi namwino, anafika m'mawa ndi galimoto ya mnzake, m'mbuyo muli chikuku cha odwala chopindika.

"Amayi, lero mukutuluka," anatero akutsegula makatani. "Njira ya kunjanji aikonza, chikuku chikudutsa. Mukamuone mlendo wanuyo ndi maso, tisamangomva za m'mapepala. Ababa, valani nsapato, musaime ngati mtengo wa magetsi."

"Dothi ndi lonyowa," ndinatero. "Mateyala atitimira."

"Ndiye mukankha ndinu. Si paja mumadzitama kuti msana wanu ndi wa mnyamata?"

Mkazi wanga anaseka, n'kupempha mpango wake wobiriwira umene sanauvale chiyambire kudwala. Mwana wathu anatuluka kukatsitsa chikuku. Ndinatsala ndi mkazi wanga m'chipinda, iye akulimbana ndi mfundo ya mpango ndi dzanja lake limodzi lamphamvu. Ndinamumangira. Ndinkapewa maso ake, ndipo iye anazindikira.

"Kodi mwatani, amuna anga?"

Ndinakhala m'mphepete mwa bedi n'kumuuza zonse: chikwanje, udzu, masamba opserera, zithunzi zakale. Sindinachepetse kanthu, pakuti ndinaona kuti ndikachepetsa pamodzi ndiyambanso kunama.

Sanakuwe. Anayang'ana kope limene linali pathabwa.

"Mvula zingati?"

"Ziwiri. Ino ndi yachitatu."

"Ndiye kuti ndakatulo ziwiri ndinalembera maliro, ine ndikuyesa ndikulonjera mlendo."

"Ndinaopa kukupwetekani."

"Munaopa kuti ndikufunsani amene anadula," anatero mofatsa. "Ndinakupemphani liti chithunzi chowala? Zakuda zija ndinkaziona bwinobwino."

Mwana wathu analowa akukankha chikuku, n'kuima pakhomo. "Nanga nkhopezi? Ndangotuluka pang'ono, mwayambana kale?"

"Bambo ako ali ndi malo oti andionetse," anatero mayi ake. "Ndinyamule."

Ndinayesa kunena kuti palibe choti akaone, koma mkazi wanga anakweza dzanja kundiletsa. Titatsika galimoto ndinakankha chikuku ndekha, kudutsa kuseri kwa nyumba yosungiramo katundu, kuwoloka njanji, mpaka pamalopo. Mwana wathu, amene tsopano anali atamva nkhani yonse m'mawu ochepa a mayi ake, anatsalira patali, manja atapinda.

Panali chitsa, dothi lofiira losalala, ndi botolo losweka. Mkazi wanga anafunsa pamene duwalo linkaima, ndipo ndinaloza ndi chala. Anafunsa kutalika kwa chitsamba, ndipo ndinaonetsa ndi dzanja, cha m'chiuno. Anafunsanso mbali imene dzuwa linkachokera. Ankafunsa monga mmene ankafunsira pofufuza dzina m'buku, mosathamanga, ndipo funso lililonse ndinaliyankha.

Pachitsapo panali timphukira titatu tanthete. Ndinatiloza msanga. "Taonani, chikuphukira. Mthunzi ukabwerera, mwina muzu ukadali pansi, mwina..."

"Musandinyengerere," anatero. "Simukudziwa, inenso sindikudziwa. Mwandiuza zokwanira zimene simunazione."

Anayang'ana dothilo mpaka sitima ya katundu inadutsa n'kutha yonse.

"Mukanandiuza chaka chomwecho, ndikanakukwiyirani sabata imodzi, n'kulira kamodzi. Tsopano chithunzi chilichonse chimene mudzandipatse ndizidzayamba ndafunsa kuti ndi cha liti."

Kamera inali pakhosi panga, ndipo kulemera kwake ndinakumva ngati kwa mwala.

"Mwana wanga," anaitana mkazi wanga, osandiyang'ana, "bwera undikankhe ndiwe. Bambo ako atsatire pambuyo."