Positala Yopanda Cholakwika

Pa dipatimenti ya zaukadaulo ya pa yunivesite ina panalibe amene ankawatchula dzina lawo lenileni. Aphunzitsi, ophunzira, ngakhale mayi wokolopa m'makalasi, onse ankangoti Bambo Logo. Ntchito yawo inali kuonetsetsa kuti chizindikiro cha dipatimentiyo, gudumu labuluu la manomano lokhala ndi mizere yoyera pakati, chikuoneka chimodzimodzi paliponse, kaya pa kalata, pa positala, pa malaya a ophunzira kapena pa chitseko cha galimoto. Wina akangochikoka pang'ono kuti chidzaze pepala, iwo ankachionera patali ngati ntchentche mumkaka.

"Gudumu ndi lozungulira, achimwene, si dzira," ankatero, uku akubweza pepalalo ndi chala chimodzi.

Buluu wake anali mmodzi yekha, ndipo m'mbali mwa chizindikirocho munkayenera kutsala mpata, ati nachonso chimafuna kupuma. Anthu ankawaseka kumbali, koma chilichonse chokasindikizidwa chinkadutsabe pa desiki yawo.

Tsono munthu wodziwa kuwongola zopindika za anzake chonchi, za kunyumba kwake zinali zitamupindikira. Anali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi, amene ankamutcha Injiniya kuyambira ali wamng'ono chifukwa chokonda kumasula mawailesi. Mwanayo anaphunzira pa dipatimenti yomweyo n'kukhoza koopsa, mpaka akuluakulu anamupempha kuti atsale aziphunzitsa. Bambo ake anali atayamba kale kulota chikwangwani cha pa chitseko chake, dzina pansi, gudumu pamwamba, atachikonza ndi manja awo. Koma Injiniya anasankha ntchito ku kampani ina ya mumzinda wakutali. Tsiku lonyamuka, chikwama chili kale pakhomo, mkuluyu analankhula mawu amene mpaka lero amamuwotcha pakamwa.

"Ukapita, upitiretu."

Mwanayo anapitadi. Ana amene amamvera makolo pa zinthu zolakwika zokhazokha alipo, ndipo uyu anali mmodzi wa iwo.

Mayi ake ankacheza naye pa foni pafupifupi masana alionse a Lamlungu, ali m'khitchini, chitseko chili pululu. Nthawi yomweyo ndi imene Bambo Logo ankakumbukira kuti mpopi wa panja, pafupi ndi zenera la khitchini, ukudontha. Ankaumanga, kuumasula, kuumanganso, khutu lili tcheru.

"Mpopiwo muupha, bambo ake Injiniya," ankatero mayiwo akamaliza. "Foni si iyi? Siluma."

"Ndani wakuuzani kuti ndikufuna foni?"

Mwayi unabwera kudzera pa khomo la ntchito. Ophunzira akale a dipatimentiyo okhala mumzinda wakutali uja anayambitsa bungwe lawo, n'kusankha Injiniya kukhala mlembi. Lamulo linali lomwelo kwa onse, positala iliyonse yokhala ndi gudumu idutse kaye kwa Bambo Logo. Mmawa wina atayatsa kompyuta anaona dzina la mwana wawo pa imelo. Uthengawo unali wouma: "Bwana, onani positala ya msonkhano wathu." Anaitsekula, ndipo gudumu linali litafinyidwa ngati wina walikhalira.

Anakhala nthawi yaitali zala zili pa mabatani. Zonena zinali zambiri, koma zimene zinatuluka ndi izi: "Chizindikiro chafinyika. Konzani." Yankho linabwera madzulo ake: "Ndakonza, bwana."

Umu ndi mmene bambo ndi mwana anayambira kulankhulana. Mwezi wina buluu ankawala kwambiri. Mwezi wina gudumu linkakhala pamwamba pa chithunzi cha anthu, manomano ake osaoneka. Mwezi winanso mawu ankalipanikiza mpaka kusowa popumira. Bambo Logo ankadandaula mokweza kuti sekilitale wa chipinda choyandikana amve, ati ana a masiku ano sukulu inangowadutsa pamutu. Koma akatseka chitseko ankaikuza positala ija pa kompyuta, osati pa gudumu ayi, koma pa chithunzi cha gulu, kufunafuna nkhope imodzi. Ankaona kuti wameta tsitsi. Ankaona kuti waonda pang'ono m'masaya, kapena mwina ndi kuwala chabe. Ankamusowa mwana wawo moti nthawi zina tiyi ankazizira m'kapu osamukhudza.

Anaphunziranso kachinyengo. Zolakwika zikakhala ziwiri, ankatchula chimodzi chokha, chinacho n'kusungira mawa, kuti mauthenga achuluke. Mawu awonso anayamba kutalika pang'onopang'ono. "Mpata wa kumanzere wachepa. Kuno kwayamba kuzizira." Ndipo yankho linkati, "Ndakonza, bwana. Kunonso." Mawu amodzi amenewo, kunonso, anayenda nawo m'mutu sabata yathunthu.

Kenako tsiku lina, dzuwa likuswa mtengo, kunabwera positala ina. Pansi pake panali mawu ochulukirapo kuposa masiku onse: "Bwana, iyi ndi yomaliza kuchokera kwa ine. Nthawi yanga ya ulembi yatha, mwezi wamawa azikutumizirani ndi wina. Zikomo pondiphunzitsa."

Bambo Logo anavula magalasi, kuwapukuta ndi tayi, kuwavalanso. Anayang'ana gudumu. Linali lozungulira bwinobwino. Anayerekeza buluu wake ndi kapepala ka mtundu kamene ankasunga m'kabati, ndipo anali yemweyo ndendende. Anayeza mpata kumanja, kumanzere, pamwamba ndi pansi. Anaikuza positalayo mpaka gudumu linadzaza kompyuta yonse, akufufuza dzino limodzi lokha lopindika, kadontho kokha. Munalibe. Pa zaka zonse zimene anagwira ntchitoyi anali asanalandirepo positala yoyera chonchi, ndipo sanadanepo ndi positala ngati mmene anadanirana ndi imeneyi.

Ntchito yotsala inali kulemba liwu limodzi, "Yavomerezeka," basi nkhani n'kuthera pomwepo. Analilemba, n'kulifufuta. Anaganiza zonama kuti buluu waderako pang'ono, koma mwanayo akanadziwa, ndiponso iwo pa gudumu anali asananamepo. Anaimirira, kupita pa zenera. Panja ophunzira ankadutsa ndi zikwama kumsana, ena akuseka, wina akukokera mnzake kumthunzi. Anabwerera pa mpando, n'kutulutsa foni m'thumba la jekete. Nambala anali nayo. Anaikopera kalekale kuchokera mu foni ya akazi awo, mayiwo ali kosamba.

Inaitana kanthawi, mpaka anayamba kuyembekeza kuti mwina sayankha, ndipo sankadziwa ngati zimenezo zikanawapepukira kapena kuwapweteka.

"Halo? Bambo?" Mawu anali omwe aja, okwera pang'ono kumapeto ngati a mayi ake. "Ndalakwitsanso pati?"

"Palibe. Ili bwino."

"Buluu?"

"Ali bwino."

"Mpata?"

"Zonse zili bwino, iwe. Palibe chokonza."

Ankamva mpweya wa mwana wawo, ndi kachitseko kena kakutsekedwa kumeneko.

"Nanga mwaimbira chiyani, Bambo?"

Anayang'ana pa desiki ngati yankho lili pamenepo. Panali rula, kapu ya tiyi wozizira ndi mulu wa mapepala a anthu ena odikira kubwezedwa.

"Ndakusowa, mwana wanga."

Anazinena motsitsa, ngati munthu wopempha ngongole ya mchere. Kumbali inayo kunalibe galimoto, kunalibe wailesi, kunalibe chilichonse chosokosa. Koma mwanayo anayankha motere.

"Sindinamve, Bambo. Kuno kuli phokoso. Bwerezani."

Bambo Logo anakhala tsonga pa mpando, nagwira foni ndi manja awiri. Anabwereza, ulendo uno mokweza, moti m'chipinda choyandikana sekilitale anasiya kutaipa.