Msonkhano wa Mayi Katerina pa Mtakataka

Mayi Katerina anagwira unamwino zaka zambiri, ndipo atapuma akanatha kumangoweta mbuzi zawo ku Golomoti. Koma chaka cha kolera anaika m'manda adzukulu awiri a achemwali awo sabata imodzi. Mijigo inali itafa kalekale, anthu ankamwa madzi a mumtsinje. Anapondaponda kwa khansala mpaka nsapato kung'ambika, koma khansalayo, wa chipani chachikulu, ankangoti, "Tazimva, amayi."

Atatopa nazo, mu 2025 anaimira okha ukhansala m'chipani cha Dengu, kachipani kamene ngakhale amuna awo, a Vincent, ankakaiwala dzina.

Kampeni inali ya panjinga. Akafika pamudzi n'kuyamba za mijigo, sankamaliza wina asanakweze mkono.

"Zomveka zimenezo, anesi. Nanga zitenje zili kuti?"

"Chitenje mumamwa?" ankayankha motero, mtima utawira. Anthu ankaseka n'kumabalalika.

Mtsogoleri wa chipanicho, a Bizeki a ku Lilongwe, analonjeza kudzachititsa msonkhano pa Mtakataka. Mayi Katerina anayenda khomo ndi khomo milungu iwiri, anabwereka mabenchi, amayi a m'midzimo anaphunzira nyimbo. Tsikulo anthu anadikira padzuwa kuyambira m'mawa. Galimoto iliyonse ikamachepetsa liwiro pamsewu, amayi ankayamba nthungululu, kenako n'kuona kuti ndi minibasi.

Cha m'ma 3 koloko foni inalira.

"Amayi, nkhani yabwino!" anatero a Bizeki. "Talowa mgwirizano ndi chipani chachikulu. Auzeni anthu avotere khansala amene alipoyo."

"Amene uja? Wa mijigo uja?"

"Ndale zimatero, amayi."

"Nanga anthu ndawakhazika padzuwawa ndiwauze kuti chiyani?"

Foni inali itaduka kale. A Vincent anawanong'oneza kuti angonena kuti galimoto ya bwana yawonongeka. Mayi Katerina anawayang'ana amuna awowo mpaka anazyolika, kenako anakwera pabenchi.

"Bwana sabwera, wagulitsa chipani," anatero. "Ine sindinagulidwe. Dzina langa lili papepala lovotera. Mukafuna madzi, mukundidziwa."

Ena anawomba m'manja. Ambiri anafunsa ngati pali zakumwa.

Pa chisankho anapeza mavoti 187, ndipo khansala uja anapambananso. Patapita masiku atatu, Mayi Katerina anasonkhanitsa amayi asanu ndi awiri, nakapempha mmisiri wina wa ku Mua kuti awaphunzitse kumasula mjigo. Pofika Novembala anali atadzutsa mijigo iwiri.

Mwezi womwewo a Bizeki, amene tsopano anali ndi mpando m'bungwe lina, anaimbanso foni. Ankafuna kudziwa ngati Mayi Katerina angawapezere mpunga wabwino wa kunyanja, thumba limodzi lokha, n'kuukweza minibasi.

"Vincent," anatero Mayi Katerina akupatsira foniyo amuna awo, "talankhulani nawo ndinu. Ine ndingachimwe."